Mwana wanga akufuna kuweta makoswe: ndiyambire pati?

Mayi wa ku Leicester

Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera ndi nkhani yomwe ndikudziwa kuti ena mwa inu ikudabwitsani, komabe ndikupempha kuti mundigawireko nzeru chifukwa kunyumba kwanga yafika poti tichitepo kanthu. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali ndi zaka 12, wakhala akundiumiriza kuti tiziweta makoswe monga amachitira mnzake wa kusukulu. Nyumba yomwe tikukhala ndi yalendi, ndipo eni ake anakana galu ndi mphaka, koma anavomera polemba kalata kuti kanyama kokhala m'khola tikhoza kukasunga. Ine ndinakulira ku Dedza, kumene khoswe ndi mbala ya m'nkhokwe, choncho mtima wanga unatenga nthawi kuti uvomere. Mwanayo wasonyeza khama, wakhala akuwerenga za makoswe ndi kusunga ndalama zake, ndipo ndamulonjeza kale, kotero sindikufuna kubweza mawu. Chomwe ndikufuna n'chakuti tikayamba tiyambe bwino. Kodi tigule mmodzi kapena angapo? Khola lake likhale lotani, nanga amadya chiyani? Koposa zonse, kodi sindikulowetsa matenda m'nyumba mwanga? Amene munawetapo makoswe, chonde ndiuzeni zoona zokhazokha, zokoma ndi zowawa zomwe.

Agogo a ku Zomba

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Koma ine monga kholo sindingakubisireni nkhawa yanga. Moyo wanga wonse ndaona makoswe akuboola matumba a chimanga, akugwira anapiye, ngakhale kuluma zala za ana ali m'tulo, ndipo a zaumoyo akhala akutiphunzitsa kuti utitiri wa makoswe umafalitsa mliri. Zikundivuta kumvetsa kuti chinthu chomwe ife kuno tikuchitchera misampha, inu mukachigule ndi ndalama n'kuchilowetsa m'nyumba mwadala. Kodi sikungakhale bwino kumugulira mwanayo kalulu kapena mbira? Sindikukudzudzulani ayi, ndikungofuna kuti mdzukulu wathuyo akhale wotetezeka.

Nesi wa ziweto, Manchester

Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo palibe chifukwa choipeputsira. Ndiloleni ndifotokoze zomwe ndikudziwa, pakuti makoswe oweta amabwera kawirikawiri kuchipatala cha ziweto komwe ndimagwira ntchito. Khoswe amene amathamanga m'denga kwathu nthawi zambiri ndi wa mtundu womwe akatswiri amautcha Rattus rattus, pamene oweta amachokera ku mtundu wina, Rattus norvegicus, ndipo akhala akuswana m'manja mwa anthu kwa zaka zoposa 150. Kuno ku England mwambowu unayamba m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, pamene anthu a ntchito yogwira makoswe, monga Jack Black wa ku London, ankapatula oyera ndi amawangamawanga n'kumawagulitsa ngati ziweto. Mu 1901 mayi wina dzina lake Mary Douglas anaonetsa khoswe wake pa chionetsero cha bungwe la oweta mbewa la National Mouse Club ku Aylesbury ndipo anapambana, kenako mu 1976 kunakhazikitsidwa bungwe la oweta makoswe la National Fancy Rat Society, lomwe lilipo mpaka lero. Chifukwa chosankha ofatsa okhaokha m'badwo ndi m'badwo, khoswe woweta amamuyandikira yekha munthu ndipo saluma chisawawa.

Pa za matenda, sindinganame kuti kulibe. Khoswe woweta, ngakhale wooneka wathanzi, akhoza kukhala ndi tizilombo ta leptospirosis mu mkodzo wake, tizilombo ta rat-bite fever m'kamwa mwake, kapenanso kachilombo ka Seoul hantavirus, komwe kanapezeka mwa makoswe oweta kuno ku Britain mu 2013 ndi ku America mu 2017. Matendawa sagwira anthu kawirikawiri, ndipo kuwapewa kwake n'kosavuta. Mwana azisamba m'manja ndi sopo akamaliza kuwagwira kapena kukonza khola, asamawapsompsone, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa balalo litsukidwe nthawi yomweyo. Ngati pambuyo pake thupi latentha kapena mfundo zikuphwanya, mupite naye kwa dokotala n'kumuuza momveka kuti kunyumba kuli makoswe. Mliri womwe agogo atchula umayenda ndi utitiri wa makoswe akutchire, kotero khola lisamakhale pamalo pomwe makoswe akunja angafikepo.

Bambo wa ku Johannesburg

Mayi, ine ndimaweta makoswe kuno ku Joni, ndipo pa funso lanu loyamba yankho langa ndi lakuti musagule mmodzi. Khoswe ndi nyama yokhala pagulu. Amagona mounjikana, amanyambitana ubweya, ndipo amagwetsana posewera usiku wonse inu muli m'tulo. Ngakhale mwana wanu atamukonda chotani, masana amakhala kusukulu ndipo usiku amagona, chonsecho nthawi yomwe khoswe amachangamuka kwambiri ndi chisisira, pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Wosungidwa yekha amasungulumwa, amayamba mantha, ndipo wina amangokhala phee pakona osafunanso kusewera. Tengani awiri, koma ine ndimati atatu ndi bwino kwambiri, chifukwa mmodzi akafa otsalawo amakhalabe ndi mnzawo.

Chachiwiri, onse akhale aamuna okhaokha kapena aakazi okhaokha, ndipo mutsimikize ndi maso anu, osangodalira mawu a wogulitsa. Wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi masabata asanu okha, berelo limatenga masiku 21 mpaka 23, amaswa ana 8 mpaka 12 kapena kuposerapo, ndipo akhoza kutenganso bere lina tsiku lomwelo waswalo. Ine shopu ina inandigulitsa aakazi awiri osandiuza kuti ankasungidwa limodzi ndi aamuna, ndipo posakhalitsa ndinapeza khola ladzaza tiana tofiira topanda ubweya, moti ndinavutika kuwapezera anthu odalirika owatenga. Kuwasiyanitsa sikovuta: wamwamuna wa masabata asanu ziwalo zake zimaonekera poyera pansi pa mchira, ndipo mawere amakhala ndi aakazi okha. Poti muli ku Britain, yambani mwafunsa kwa oweta olembetsedwa ku bungwe lomwe a nesi atchula, kapena kumalo osamalira nyama zosowa mwini monga RSPCA ndi Blue Cross, ndipo musalandire ana osakwana masabata asanu ndi limodzi.

Mayi wa ku Leicester

Zikomo kwambiri agogo, a nesi ndi achimwene a ku Joni. Za kuswana mofulumira chonchi sindinkazidziwa, ndipo zandithandiza. Tsono pakati pa aamuna ndi aakazi, oyenera mwana woyamba kumene ndi ati? Komanso mnansi wanga wandilonjeza thanki yagalasi yomwe ankasungiramo nsomba, akuti ndi yaikulu ndipo fungo silingatulukemo. Kodi ndiilandire?

Mayi wa ku Luton

Achemwali, thankiyo muwathokoze a nebawo koma musaikemo makoswe. Chomwe akuchiyamikira, choti fungo silituluka, ndicho choopsa chake. Mkodzo wa khoswe umatulutsa mpweya wa amoniya, ndipo m'galasi mpweyawo umaunjikana osatuluka, n'kumawotcha njira yopumira pang'onopang'ono. Khola labwino ndi la mawaya, lalitali chokwera chifukwa makoswe amakonda kukwera. Ine ndimalangiza la masentimita pafupifupi 90 m'litali, 60 m'lifupi, ndi kupitirira mita imodzi kupita m'mwamba. Mpata wa pakati pa mawaya usapitirire sentimita imodzi ndi theka, pakuti paliponse pomwe mutu wa khoswe wamng'ono walowa, thupi lonse limatsatira. Popondapo pakhale posalala, osati pa mawaya, kuopa zilonda za kumapazi. M'katimo muikemo zingwe zokwerapo, makatoni obisalamo, nthambi za mtengo wa apulo zoti azitafuna, ndi tinsalu tolendewera togonamo, tomwe mwana wanu angasoke yekha kuchokera ku zovala zakale.

Zoyala pansi n'zofunika kusankha mosamala kuposa khola lenilenilo. Utuchi wafumbi, makamaka wa mitengo yonunkhira monga paini ndi sida, umawadwalitsa chifuwa. Gwiritsani ntchito makatoni odulidwa tizidutswa, zoyala zopangidwa ndi mapepala, kapena mapesi oduladula a chomera chotchedwa hemp, ndipo muyale mokhuthala kuti azitha kukumba. Pakona imodzi ikani kabeseni ka chimbudzi ndi mwala wosalala m'kati mwake, chifukwa makoswe amakonda kukodzera pa mwala ndipo amaphunzira msanga kuchitira ndowe pamalo amodzi. Kabeseniko muzikakonza tsiku ndi tsiku, khola lonse kamodzi pa sabata, koma nthawi zonse muzisiyamo kansalu kamodzi kakale, pakuti mukachotsa fungo lawo lonse amakodza kwambiri pofuna kulibwezeretsa. Khola likhale kutali ndi hita, dzuwa la pawindo, mphepo ya pakhomo ndi utsi wa kukhitchini, ndipo m'chipindamo musamapoperemo mafuta onunkhira kapena kufukizamo lubani. Sindikulangiza kuliika m'chipinda chogona mwana, chifukwa phokoso la usiku lidzamusowetsa tulo.

Pa funso la aamuna kapena aakazi, aakazi ndi ocheperako thupi, othamangathamanga, ndipo sakhazikika m'manja nthawi yaitali, koma amaphunzira masewera msanga. Aamuna amakula mpaka theka la kilogalamu kapena kuposerapo, akakhwima amakhala ofatsa ndipo amakonda kugona pamiyendo, kungoti fungo lawo ndi lamphamvuko ndipo amadontheza timikodzo poyenda posonyeza malo awo. Kwa mwana wofuna chiweto choti azichifungatira akuwerenga, ine ndingasankhe aamuna a bere limodzi.

Masiku oyamba musawakakamize. Mwana azikhala pafupi ndi khola n'kumalankhula motsitsa mawu, kenako azilowetsa dzanja ndi supuni yopaka yogati kapena phala kuti azinyambita ali pafupi naye. Asamawapatsire chakudya m'mipata ya mawaya, chifukwa amazolowera kuti chilichonse cholowa pamenepo n'chodya, zala zomwe. Powanyamula aziwatapa ndi manja awiri kuchokera pansi, ndipo asadzayerekeze kunyamulira kumchira, pakuti khungu la mchira limatha kusupuka. Tsiku lina mudzaona khoswe ali pachifuwa pa mwana akukukuta mano motsitsa, ndevu zikunjenjemera, maso akutuluka pang'ono n'kumabwerera. Musadzachite mantha, chifukwa nthawi zambiri amatero akamva bwino. Ndiponso mano akutsogolo akakhala achikasu chopita kofiirira, ndiwo mtundu wake wa khoswe wathanzi, ndipo amakula moyo wake wonse.

Mnyamata wa ku Lilongwe

Makolo anga, nkhaniyi yandikopa mtima. Kuno kwathu sindinaonepo shopu yogulitsa makoswe oweta, koma m'denga la nyumba yathu muli makoswe omwe amaswa pafupipafupi. Kodi nditatenga kamwana kamodzi kasanatsegule maso n'kukalera ndekha, sikangazolowere?

Nesi wa ziweto, Manchester

Achimwene, chonde musatero. Zonse zomwe agogo anena zokhudza matenda zimagwira ntchito kotheratu pa khoswe wa m'denga, chifukwa simukudziwa zomwe mayi wake anadya, komwe anayenda, ndi utitiri womwe ali nawo. Kamwana kosatsegula maso kamafuna kuyamwa pafupipafupi usana ndi usiku, ndipo tambiri timafa m'manja mwa anthu. Kakapulumuka, kakamakula mantha ake achibadwa amabwerera, kamaluma ndipo kamavutika m'khola. Kufatsa kwa makoswe oweta kunabwera ndi mibadwo yambirimbiri, sikubwera ndi kulera kamodzi. Muganizirenso kutentha kwa mu Okutobala, pakuti makoswe satuluka thukuta ngati ife, kutentha amakuchotsera makamaka kumchira, ndipo m'nyumba ya malata kukafika madigiri 30 akhoza kukomoka ngakhale kufa. Ngati mumakonda tinyama ting'onoting'ono, mawu a agogo okhudza mbira ndi oyenera kwa inu.

Bambo wa ku Tete

Ndikupempha kuwonjezerapo pang'ono, makamaka kwa agogo, chifukwa ife a ku Mozambique tinaona makoswe akugwira ntchito yopulumutsa miyoyo. Bungwe la APOPO, lomwe linayambitsidwa ndi Bart Weetjens wa ku Belgium ndipo limaphunzitsira makoswe ake ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro m'dziko la Tanzania, linabweretsa abwampini ophunzitsidwa kununkhiza mabomba okwirira pansi omwe anatsala nkhondo itatha. Bwampini ndi wopepuka moti akaponda bomba siliphulika, ndipo akamva fungo la wonga amapalasa pansi kusonyeza malowo. Anathandiza nawo mpaka dziko lathu linalengeza mu 2015 kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yachotsedwa, ndipo ku Maputo abwampini ena anayamba mu 2013 kununkhiza makhololo pofufuza chifuwa chachikulu. Bwampini ndi mtundu wosiyana ndi makoswe omwe mayiwa akufuna, koma kaphunzitsidwe kake n'kamodzi. Nyamayo ikachita chomwe mukufuna, mumapanga kaphokoso kamodzimodzi nthawi zonse n'kuipatsa kachidutswa ka nthochi pomwepo, osachedwa ndiponso osaimenya ikalakwa. Mwana wanu, mayi, atayamba ndi kuitana dzina n'kupereka mphoto, posakhalitsa makoswewo azidzabwera akaitanidwa, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri tsiku lomwe wina wabisala kuseri kwa kabati.

Agogo a ku Zomba

Ndamva, ana anga, ndipo za abwampini a ku Mozambique zandiphunzitsa kanthu. Mtima wanga sunafike poti ndingamugwire khoswe m'manja, koma ndavomera kuti amene mukunenawa si a m'nkhokwe mwanga. Chomwe nditsalire nacho ndi ichi: makoswewo akangolowa m'nyumba ndi mumtima mwa mwana, simudzathanso kuwachotsa popanda kumusweretsa mtima, pajatu khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Choncho zonse muziganizire panopa asanabwere. M'nyumbamo mumakhala ndi yani, nanga mumalandira alendo otani? Kodi mulibe khanda kapena wodwala?

Mayi wa ku Leicester

Agogo, mwafunsa funso lomwe linandidutsa. Tikukhala awiri okha ndi mwanayu, koma mng'ono wanga amabwera pafupifupi Loweruka lililonse ndi mwana wake wa zaka zitatu, ndipo panopa ndi woyembekezera. A nesi, ndithandizeni pamenepa. Ndifunsenso za chakudya, chifukwa ine ndimaganiza kuti makoswe amadya chilichonse ndipo tizingowapatsa mkute ndi zotsala za patebulo.

Nesi wa ziweto, Manchester

Mayi, funso la agogo ndi lofunika kwambiri. Bungwe loona za matenda la CDC ku America limalangiza kuti ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chofooka asamagwire makoswe ndi tinyama tina ta mtundu umenewu. Izi sizikuletsani kuweta, koma khola likhale m'chipinda chomwe chingatsekedwe, kamwanako kaziwaonera patali muli pomwepo, ndipo mng'ono wanu asawagwire kapena kukhalapo pokonza khola. Pokonzapo musamasese zoyala zouma mpaka fumbi kubuka. Muzivala magolovesi, kutsegula windo, ndi kutsukira ziwiya zawo kwina osati mu sinki yotsukira mbale.

Zoti khoswe amadya chilichonse n'zoona, koma si zonse zomwe zimamuyenera. Maziko a chakudya chake akhale chakudya chouma chopangidwira makoswe, pafupifupi magalamu 15 mpaka 20 pa khoswe mmodzi patsiku, ndipo ndi bwino kuchimwaza m'zoyala kuti azifunafuna m'malo mochiika m'mbale. Pamwamba pake muziwonjezera masamba monga kabichi, burokoli, karoti ndi nsawawa, ndi dzira lowiritsa kapena kanyama ka nkhuku mwa apo ndi apo, makamaka akadali aang'ono. Ndiwo zathu zamchere ndi mafuta ambiri si zabwino kwa iwo, ndipo kunenepa kumawafupikitsira moyo. Khoswe sangathe kusanza, choncho zinthu zomata monga chiponde kapena mbamu ya nsima zikhoza kumutsamwa, ndipo ngati mukufuna kumulawitsa muzisungunule kaye ndi madzi. Musawapatse nyemba zosaphika, mbatata yaiwisi, mbatatesi yobiriwira, khungu ndi nthanga ya peyala, kapena mtedza ndi chimanga cha chuku, ndipo aamuna musamawapatse makoko a malalanje ndi mandimu. Madzi akhalepo nthawi zonse, m'mabotolo awiri kuti lina likatsekeka lina ligwire ntchito.

Tsopano ndinene chomwe anthu ambiri sauzidwa pogula, chomwe kwa ine ndicho chachikulu pa nkhani yonseyi. Mtengo wogulira khoswe ndi wochepa, koma ndalama zenizeni zimapita kwa dokotala. Pafupifupi makoswe onse oweta amakhala ndi kachilombo ka Mycoplasma pulmonis m'njira yopumira kuyambira ali aang'ono, ndipo kamadzuka akapanikizika, akakalamba, kapena mpweya ukaipa. Muzimvetsera kapumidwe kawo poika khoswe pafupi ndi khutu. Wathanzi samveka, koma mukamva kulira kwa m'chifuwa, kuyetsemula kosalekeza, kapena mukaona nthiti zikukoka mpweya movutikira, apite kwa dokotala msanga, ndipo amene akupuma ndi pakamwa potsegula apite tsiku lomwelo. Nthawi zina mudzaona zofiira m'mphuno ndi m'maso zooneka ngati magazi. Amenewo si magazi koma madzi ochokera m'kachiwalo ka kuseri kwa diso, ndipo pang'ono podzuka si vuto, koma akachuluka ndiye kuti khosweyo akudwala kapena akuvutika. Aakazi ambiri amatuluka zotupa za m'mawere akapitirira chaka ndi theka, zomwe zambiri si khansa koma zimakula mofulumira ndipo zimafuna opaleshoni. Muziwapapasa thupi lonse ndi kuwayeza pa sikelo ya kukhitchini sabata iliyonse, chifukwa makoswe amabisa matenda ndipo kutsika kwa sikelo ndiko kumayamba kuulula.

Si dokotala wa ziweto aliyense amene amazolowera makoswe, kotero mufufuze wodziwa tinyama tating'ono musanagule, mumufunse mitengo yake, ndipo muyambe kusunga ndalama mwezi ndi mwezi. Mudziwenso kuti lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limati chiweto cha mwana wosakwana zaka 16 udindo wake uli pa kholo lomwe likumusamalira. Makoswewo adzatchedwa a mwana wanu, koma amene adzayankhe ngati asowa chakudya kapena chithandizo ndinu. Ndimamva chisoni kwambiri ndikaona khoswe wabwera ndi chotupa chomwe chafika pokwekwereza pansi, chifukwa makolo ankayembekeza kuti mwana ndiye aone zochita.

Bambo wa ku Johannesburg

A nesi anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kuti makoswe amafunika kutuluka m'khola ola limodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo chipinda chomwe akuseweramo chikonzedwe kaye. Nthambo za magetsi, machaja a foni, makatani ndi mabuku a kusukulu zonse amatafuna, ndipo poti nyumbayo ndi yalendi, kapeti ndi matabwa a m'munsi mwa khoma muwatchinge ndi makatoni. Mabowo a kuseri kwa mapaipi muwatseke asanawapeze iwo.

Koma chomwe ndikufuna mayi mukambirane ndi mwana mosabisa ndi kutalika kwa moyo wawo. Khoswe amakhala zaka ziwiri, wamwayi amafika zitatu. Mwana wa zaka 12 adzawaika m'manda asanamalize sekondale, ndipo adzaona wina miyendo yakumbuyo ikufooka, akulephera kukwera pomwe ankakwera, mpaka kufunika kumutsitsira chakudya ndi pogona pansi. Nyamazi zimamudziwa mwini wake, zimathamangira kukhomo la khola zikamva mapazi ake, choncho imfa yake imawawa kuposa momwe anthu akunja amaganizira. Kudzafikanso tsiku loti musankhe ngati dokotala athetse mosamva ululu moyo wa khoswe amene akuvutika, ndipo chisankho chimenecho si choti mwana asenze yekha. Muganizirenso za wotsala womaliza, ngati mudzamupezere anzake atsopano kapena mudzamupereke kwa woweta wina kuti asafe ali yekha. Mukadzabweretsa atsopano, muziyamba mwawasunga m'chipinda china kwa masabata awiri kuti muone ngati alibe matenda, kenako muwakumanitse pamalo achilendo kwa onse, osati kungowaponya m'khola la eni ake.

Mayi wa ku Leicester

Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Dzulo madzulo tinawerenga mayankho anu limodzi ndi mwanayu, ndipo pa nkhani ya zaka ziwiri anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati akufunabe. Tagwirizana kuti titenga aamuna atatu a bere limodzi, ndipo ndalemba kale kalata kwa woweta wina wa kufupi ndi kuno, amene wandiuza kuti tidikire mpaka ana ake akule. Nthawi yodikirayi tigula khola ndi zoyala, ndipo mawa ndiimbira zipatala za ziweto kufunsa amene amaona makoswe. Khola likhala m'kachipinda komwe timasungiramo katundu, komwe kali ndi windo ndi chitseko chokhoma, ndipo mng'ono wanga ndamufotokozera zonse. Agogo, mawu anu ndiwo andithandiza kuganizira za alendo, ndipo ndikukuthokozani. Funso langa lotsala ndi lakuti tchuthi cha mu Ogasiti timakonda kupita kumudzi kwa mwezi wathunthu. Kodi ndingawasiyire chakudya ndi madzi ambiri, mnansi n'kumangosuzumira kamodzi pa sabata?

Mayi wa ku Luton

Ayi achemwali, kamodzi pa sabata n'kosakwanira. Botolo la madzi likhoza kutsekeka kapena kudontha lonse usiku umodzi, chifuwa chikhoza kukula m'masiku awiri, ndipo Ogasiti ndi nthawi yomwe nyumba za kuno zimatentha mawindo akakhala otseka. Pafunika munthu wowaona tsiku lililonse, wosaopa kuwagwira, wodziwa zizindikiro zomwe a nesi afotokoza. Poti mnzake wa mwana wanu amaweta kale makoswe, kambiranani ndi makolo ake kuyambira panopa kuti muzisungirana pa tchuthi, koma makola akhale osiyana ndipo makoswewo asasakanizidwe. Oweta ena amalandiranso makoswe omwe anagulitsa kuti awasunge kwa kanthawi pa mtengo wogwirizana, choncho mumufunse woweta wanuyo tsiku lokawatenga. Amene adzawasunge mudzamusiyire chakudya chomwe anazolowera, nambala ya dokotala, kabokosi konyamulira, ndi chilolezo cholemba choti akhoza kuwapititsa kuchipatala inu mudzabweze ndalamazo. Ngati woweta atanena kuti anawo akhala okonzeka chakumapeto kwa Julayi, mumupemphe awasunge mpaka mutabwerako, kuti masabata awo oyamba adzakhale ndi mwana wanu osati ndi mlendo.